Mafunso ndi Mayankho: Fayilo Ikusintha Yokha, Koma Kompyuta Ikuti Disiki Ilibe Vuto

FUNSO: Akonzi, ndine mlembi wa bungwe la alimi a mbatatesi, nyemba ndi soya kuno ku Ulongwé, m'boma la Angónia. Kaundula wa mamembala, mabuku a ngongole za feteleza ndi zithunzi za malisiti timazisunga pa kompyuta imodzi yoyendera Linux. Mnyamata amene anatikonzera kompyutayo zaka zingapo zapitazo anaikamo dongosolo losungira mafayilo lotchedwa Btrfs, nayatsa njira yopanikiza mafayilo chifukwa disiki yathu ndi yaing'ono. Anaikanso pulogalamu imene imafufuza zigawo zofanana m'mafayilo n'kuzisunga kamodzi kokha. Chiyambire pamenepo sitinasinthemo kalikonse, popeza intaneti kuno ndi yodula. Mwezi watha, pokonzekera msonkhano wa pachaka, ndinafuna kutsegula fayilo yaikulu ya kaundula koma pulogalamu inati ndi yowonongeka. Nditazimitsa kompyuta n'kuyatsanso inatseguka bwinobwino, kenako patapita masiku atatu inakananso. Mwana wa achimwene anga, amene amaphunzira mumzinda wa Tete, anabwera n'kuyendetsa lamulo lotchedwa scrub, ndipo linamaliza n'kunena kuti palibe cholakwika ngakhale chimodzi. Ngati disiki ili bwino, chikusintha fayiloyi n'chiyani? Kodi tigule disiki yatsopano? — Bambo wa ku Ulongwé

YANKHO: Zikomo bambo chifukwa cha kalata yanu yomveka bwino. Musanachite china chilichonse ndikupempheni chinthu chimodzi: ngati muli ndi kope lakale la kaundulayo pa flashi kapena pa disiki ina, musalilembe pamwamba ndi kope latsopano kufikira gwero la vutoli litadziwika. Anthu ambiri amataya zonse pamenepa, chifukwa akaona kuti kompyuta yayamba kukayikitsa amathamangira kukopera mafayilo pamalo pomwe panali makope abwino, ndipo chowonongeka chimalowa m'malo mwa chabwino. Ndalama za disiki yatsopano zisungeni kaye, chifukwa zimene mwafotokoza sizikuloza kwambiri ku disiki.

Mwana wa achimwene anu sanalakwitse, ndipo scrub sinaname, kungoti funso limene imayankha ndi lochepa kuposa limene inu mukufunsa. Btrfs, imene Chris Mason anayamba kuilemba mu 2007 ndipo inalowa mu Linux mu 2009, ikamalemba chigawo chilichonse pa disiki imawerengera nambala yotsimikizira imene akatswiri amaitcha checksum, n'kuisunga padera. Ntchito ya scrub ndi kuwerenga zigawo zonse, kuwerengeranso nambala ija ndi kuona ngati ikufanana ndi imene inasungidwa. Zili ngati mmene mumachitira pa depoti: mlimi amabweretsa thumba la nyemba lomanga kale, mumaliika pa sikelo, mumalemba kulemera kwake pa tikiti, ndipo patapita miyezi iwiri mukaliyezanso n'kupeza kuti kulemera sikunasinthe, mumadziwa kuti m'nyumba yosungiramo simunalowe wakuba kapena makoswe. Koma sikeloyo singakuuzeni ngati mlimi anathiramo miyala asanamange, ndiponso singakuuzeni ngati womasula thumbalo tsiku logulitsa wataya zina pansi.

Pa mafayilo opanikizidwa mfundo imeneyi ndi yolemera kwambiri. Btrfs imadula fayilo m'zigawo zosapitirira makilobaiti 128, imapanikiza chigawo chilichonse ndi imodzi mwa njira zotchedwa zlib, lzo kapena zstd, ndipo checksum imawerengedwa pa chigawo chopanikizidwa kalecho. Powerenga, imayamba yatsimikiza checksum, kenako n'kufutukula chigawocho ndi kuika zimene zatulukazo m'malo mwake mu memori. Choncho malo amene fayilo ingawonongekere alipo atatu: mu memori isanalembedwe, pa disiki pamene yagona, ndi pa nthawi yofutukula ndi kupereka kwa pulogalamu imene yaipempha. Scrub imaona malo apakatiwo okha. Ntchito yathu tsopano ndi kupeza kuti mwa malo awiri otsalawo vuto lanu lili pati, ndipo zimenezi sizifuna kugula chilichonse.

Yambani ndi kupatsa fayiloyo chidindo chanuchanu chosadalira Btrfs. Lamulo la sha256sum likalandira dzina la fayilo limatulutsa mzere wa zilembo ndi manambala 64, ndipo ngakhale kachidutswa kamodzi ka fayiloyo katasintha, mzere wonsewo umasintha. Lembani zilembo zisanu ndi zitatu zoyambirira m'kope ndi cholembera. Koma pali msampha umene umasokoneza anthu ambiri: Linux ikawerenga fayilo kamodzi imaisunga mu memori, ndipo mukaipemphanso imakupatsani ya mu memoriyo osapitanso ku disiki, kotero mutha kubwereza lamulolo kakhumi n'kumapeza yankho limodzimodzi pamene mwawerenga kamodzi kokha. Apa ndi pamene pagona chifukwa chimene fayilo yanu inatsegukira mutazimitsa kompyuta: memori inafufutika, ndipo fayilo inawerengedwa mwatsopano. Kuti musamazimitse kompyuta nthawi iliyonse, mwana wa achimwene anu alowe ngati woyang'anira makinawo, alembe sync, kenako echo 3 > /proc/sys/vm/drop_caches, ndipo akatero ayendetse sha256sum. Abwereze zimenezi kokwana 20, akulemba zotsatira zake m'kope muja. Nthawi iliyonse imene mzere wosiyana watuluka, akopere fayiloyo nthawi yomweyo, asanafufute memori, pa flashi ina yopanda kanthu, n'kuipatsa dzina lakelake.

Mukakhala ndi makope awiri osiyana a fayilo imodzi, mwagwira mchira wa vutolo. Lamulo la cmp -l limayerekezera mafayilo awiri n'kusonyeza malo enieni a baiti iliyonse imene ikusiyana, ndipo maonekedwe a kusiyanako amaulula mwini mlandu kuposa china chilichonse.

Ngati baiti imodzi yokha ndiyo yasiyana, kapena zingapo zomwazikana ndipo malo ake akusintha nthawi iliyonse, kayikirani memori. Zimenezi zinandichitikira ineyo pa kompyuta imene ndinaiwonjezera memori yogula pamsika. Pa tebulo la mitengo ya katundu nambala 1 inasanduka 9, ndipo ndinatha masiku awiri ndikudziimba mlandu kuti ndinalemba molakwika. Kompyuta imasunga chilembo cha 1 ngati nambala 49, chimene m'manambala ake a ziro ndi wani ndi 00110001, pamene chilembo cha 9 ndi 57, kapena kuti 00111001. Kusiyana kwake ndi kadontho kamodzi kokha, koma m'buku la ngongole makilogalamu 100 a feteleza asanduka 900, ndipo mlimi wosalakwa akhoza kufunsidwa ngongole imene sanatenge. Choopsa chake n'chakuti kadonthoko kakatembenuka fayilo isanalembedwe, Btrfs imapanikiza cholakwikacho mokhulupirika, imachiwerengera checksum yolondola, ndipo scrub imachivomereza mpaka kalekale. Vutoli si la makompyuta otchipa okha, chifukwa kafukufuku amene anachitika pa makina a Google n'kusindikizidwa mu 2009 anapeza kuti timatabwa ta memori topitirira 8 pa 100 tilitonse tinkakhala ndi zolakwika pa chaka. Makina akuluakuluwo amagwiritsa ntchito memori ya ECC imene imakonza yokha kadontho kamodzi kakatembenuka, pamene makompyuta ambiri a m'maofesi mwathu alibe chitetezo chimenecho. Njira yoyezera ndi pulogalamu yaulere ya Memtest86+, imene muyenera kuisiya ikuyenda usiku wonse, osati mphindi khumi, ndipo cholakwika chimodzi chokha chikapezeka n'chokwanira kuti memoriyo ichotsedwe.

Koma ngati kusiyanako kuli kwa mtunda wautali wa maziro okhaokha, ndipo mtundawo ukuyambira ndi kuthera pa malire a mabaiti 4096, pamalo omwewo nthawi zonse, ndiye kuti si memori. Memori yodwala sidziwa malire a masamba a fayilo, amene ndi zidutswa za mabaiti 4096 zimenezi. Chimene chimadziwa malire amenewo ndi pulogalamu. Ndipo kunena zoona, apa ndi pamene mtima wanga ukukayikira kwambiri, chifukwa zinthu zitatu zimene mwatchula, kupanikiza, kusunga zigawo zofanana kamodzi, ndi kompyuta imene sinasinthidwe kwa zaka, zikufanana ndi cholakwika chodziwika bwino m'mbiri ya Btrfs. Mu 2015 Filipe Manana, katswiri wa ku kampani ya SUSE, anakonza vuto limene linkachitika pamene malo awiri oyandikana a fayilo imodzi akuloza ku chigawo chimodzi chopanikizidwa. Powerenga, Btrfs inkaphatikiza zopempha ziwirizo kukhala chimodzi, inkafutukula chigawocho kamodzi, ndipo malo achiwiriwo ankatuluka ndi maziro m'malo mwa zimene zinalembedwamo. Anthu anaganiza kuti nkhaniyo yatha, koma mbali ina ya vuto lomwelo inatsalira, ndipo inkaonekera fayilo ikabooledwa pakati, kutanthauza kuchotsedwa gawo lapakati, n'kusiya zidutswa ziwiri zoloza ku chigawo chimodzi. Zygo Blaxell, amene analemba pulogalamu ina yosunga zigawo zofanana kamodzi, anakonza kamayeso kakang'ono kosonyeza vutolo nthawi iliyonse, ndipo Manana analikonza kumayambiriro kwa 2019. Pa zaka zonsezo zimene zinali pa disiki zinali zolondola, checksum inali yolondola, scrub inkati zonse zili bwino, ndipo fayilo imodzimodziyo inkatuluka yabwino kapena yowonongeka malinga ndi masamba amene anali kale mu memori pa nthawi yowerenga.

Kusiyanitsa milandu iwiriyi n'kosavuta. Lamulo la uname -rv lidzakuuzani mtundu wa kernel, umene ndi mtima wa Linux, pamodzi ndi tsiku limene unakonzedwa, ndipo ngati tsikulo lili kumbuyo kwa 2019 kukayikiraku kwakula. Kenako mwana wa achimwene anu abweretse kuchokera ku Tete flashi yokhala ndi Linux yatsopano, ayatsire kompyuta yanuyo pa flashiyo, atsegule disiki mwa njira yongowerenga ndi mount -o ro kuti pasalembedwe kalikonse, n'kubwereza mayeso 20 aja. Makina ndi omwewo, memori ndi yomweyo, disiki ndi yomweyo, ndipo chimene chasintha ndi pulogalamu yokha. Ngati tsopano mzere wa sha256sum ukutuluka umodzimodzi nthawi zonse ndipo kaundula akutseguka, zolemba zanu zili bwino pa disiki, ndipo mankhwala ake ndi kukopera zonse mwatsopano kudzera mu Linux yatsopanoyo kenako n'kusintha yakaleyo. Ngati mzerewo ukusinthabe, bwererani ku memori.

Ndikuchenjezeni za makope amene munapanga ndi Linux yakaleyo. Kope lililonse limene linatengedwa pa nthawi imene kuwerenga kunalakwika lili ndi maziro aja olembedwa ngati zenizeni, ndipo kulikonse kumene lili palibe chida chimene chingadziwe chokha kuti ndi lolakwika. Muyenera kuwayerekezera limodzilimodzi ndi kope labwino.

Mwina mungafunse mmene akatswiri amapezera mzere wolakwika m'pulogalamu ya mizere mamiliyoni. Njira yake ndi yomwe ndakupatsaniyi, kungoti iwo amaipititsa patsogolo. Amachepetsa fayilo ndi masitepe mpaka patatsala kamayeso ka mizere yochepa kamene kamalephera nthawi iliyonse, chifukwa cholakwika chimene chimabwera mwa apo ndi apo sichingakonzedwe mpaka munthu ataphunzira kuchiitana. Ngati pali mtundu wakale umene unalibe vutolo, amagwiritsa ntchito git bisect, imene imadula mndandanda wa zosintha pakati, kuyesa, n'kudulanso pakati, moti pa zosintha 10,000 mayeso pafupifupi 14 amakwanira kuloza chimodzi. Vutolo likakonzedwa, kamayeso kaja kamaikidwa m'gulu la mayeso lotchedwa fstests kuti lisadzabwerenso mwakachetechete. Za disiki yeniyeniyo ndingonena mwachidule: ikanakhala kuti ndiyo ikuwola, mukanaona mawu akuti csum failed m'zimene lamulo la dmesg limatulutsa, manambala a btrfs device stats sakanakhala maziro, ndipo fayilo ikanakana kuwerengeka m'malo mosintha.

FUNSO: Ndili ndi situdiyo yojambula zithunzi za maukwati ndi zikondwerero kuno ku Moatize. Amene amandikonzera kompyuta anandiuza kuti kupanikiza mafayilo n'kumene kumawononga zithunzi, ndipo akufuna kuzimitsa zonse ndi lamulo la chattr +C kuti disiki izithamanganso. Kodi ndivomere? — Mayi wa ku Moatize

YANKHO: Mayi, theka la malangizowo mukhoza kulilandira, koma theka linalo likaneni. Zithunzi za JPEG ndi mavidiyo a MP4 zimachokera mu kamera zili zopanikizidwa kale, ndipo Btrfs ikayesa chiyambi cha fayilo n'kuona kuti sikuphwa imaisiya momwemo, pokhapokha wina ataikakamiza ndi compress-force. Choncho kuzimitsa kupanikiza sikukutayitsani malo ambiri, ngakhale kuti sikukupulumutsani ku chilichonse chachikulu ngati Linux yanu ndi yatsopano.

Lamulo la chattr +C ndi nkhani ina. Fayilo imene yalembedwa pansi pa lamulo limeneli simapanikizidwa, n'zoona, koma simakhalanso ndi checksum, kutanthauza kuti disiki ikadzatembenuza kadontho m'chithunzi cha mkwatibwi palibe chimene chidzakuuzeni, ndipo mudzadziwira pa nkhope ya kasitomala akadzabwera kudzatsukitsanso chithunzi chimene theka lake lasanduka lotuwa. Madisiki amachitadi zimenezi. Kafukufuku wa mu 2008 amene anaunika madisiki 1.53 miliyoni a makasitomala a kampani ya NetApp kwa miyezi 41 anapeza zigawo zopitirira 400,000 zimene sizinagwirizane ndi checksum yake, ndipo amenewo anali madisiki osungidwa m'zipinda zosamalidwa bwino, osati m'kutentha kwa ku Moatize kwa mwezi wa Okutobala ndi Novembala, kumene kumadutsa madigiri 40, kuphatikizapo fumbi limene limatseka timabowo ta mpweya. Anzathu a ku Angónia ali ndi mwayi wa nyengo yozizira ya kumapiri, koma inu muyenera kupukuta fumbi m'kati mwa kompyuta kawirikawiri ndi kuona kutentha kwa disiki ndi lamulo la smartctl -a.

Dziwaninso kuti pa disiki imodzi checksum imangokuuzani kuti chithunzi chawonongeka, koma ilibe pokatenga chabwino. Kuti scrub izikonza yokha pamafunika makope awiri, mwachitsanzo madisiki awiri olumikizidwa mwa njira ya RAID1, ndipo ndalama zimene mukanalipira pofuna liwiro ndi bwino zipite ku disiki yachiwiriyo.

FUNSO: Ndine mphunzitsi ku Furancungo, m'boma la Macanga, ndipo ndimasunga magiredi a ophunzira ndi mayeso akale. Ndinamva kuti ZFS ndi yolimba kuposa Btrfs. Kodi ndikasamukira kumeneko ndiye kuti nkhawa ya mafayilo owonongeka mwakachetechete yatha? — Mphunzitsi wa ku Furancungo

YANKHO: Aphunzitsi, ZFS ndi dongosolo lina losungira mafayilo, labwino ndithu. Inapangidwa ndi kampani ya Sun Microsystems n'kutulutsidwa mu 2005, imaika checksum pa chigawo chilichonse, ndipo imapanikiza bwino ndi lz4 kapena zstd. Koma malire a checksum ndi omwe aja ndafotokozera bambo a ku Ulongwé. Mu Novembala 2023, patangopita milungu yochepa mtundu wa ZFS wotchedwa OpenZFS 2.2.0 utatuluka, anthu ogwiritsa ntchito Gentoo Linux anapeza kuti mafayilo ena okoperedwa anali ndi mitunda ya maziro. Poyamba mlandu unagwera njira yatsopano yokopera zigawo imene inabwera ndi mtundu umenewo, koma atafufuza mozama anapeza kuti cholakwikacho chinali chakale kwambiri. Pulogalamu yokopera ikafunsa kuti m'fayilo muli malo opanda kanthu pati, pa kanthawi kochepa kamene fayiloyo inali ikulembedwabe, ZFS inkatha kuyankha kuti malo ena alibe kanthu pamene anali ndi zolemba, ndipo wokoperayo ankadumpha malowo. Kope lotulukalo linali ndi checksum yolondola, ndipo scrub sinkaona kanthu. Vutolo linakonzedwa m'mitundu ya 2.2.2 ndi 2.1.14.

Ngati Btrfs yanu ikuyenda bwino pa Linux yatsopano, sindikuona chifukwa chosamukira, makamaka poti kusamutsa mafayilo onse pa kompyuta imene memori yake sinayezedwe ndi nthawi imene zolakwika zimalowa mosavuta. Chimene chingakuthandizeni kwambiri, kaya muli pa Btrfs kapena pa ZFS, ndi mndandanda wanuwanu wa zidindo. Pa mapeto a teremu, magiredi akatsimikizidwa ndi kusainidwa, lowani m'foda ya teremuyo n'kulemba sha256sum * > ../zidindo.txt, ndipo kope la fayilo ya zidindoyo mulisunge pa foni kapena pa flashi ina. Nthawi iliyonse mukakopera fodayo kupita kwina, chotsani flashiyo n'kuilowetsanso kuti kompyuta isakupatseni za mu memori, kenako muyendetse sha256sum -c pa mndandanda uja muli m'foda yatsopanoyo. Fayilo iliyonse yabwino idzalembedwa OK, yosinthika idzalembedwa FAILED, ndipo imeneyo muiyerekezere ndi pepala losainidwa lija musanapereke satifiketi kwa wophunzira aliyense.